Chifuwa Chachitatu cha Alamu

Chaka cha mliri ndi chimene ine ndinakwezedwa pantchito. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa chaka chimenecho ambiri anatsitsidwa, ena anachotsedwa, ena anaikidwa m'manda, ndiye munthu amene anakwezedwa ndi bwino adziwike.

Ndinali nditagwira zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri pa fakitale ya mabulangete, ntchito yanga ili yosokerera kansalu ka dzina la kampani pakona pa bulangete lililonse. Musaiderere ntchito imeneyo. Bulangete lopanda kansalu ndi chiguduli chabe. Lolemba lina m'mawa anandiitanitsa ku ofesi ya pamwamba, kumene kuli chiwindo chachikulu chagalasi choyang'ana pansi pamene timagwirira ntchito. Woyang'anira antchito, amene tinkawatcha Mayi Ndondomeko chifukwa sankamaliza kulankhula osatchula liwu limenelo, anandiimika pakhomo. Iwo anali kuseri kwa desiki, pakati pathu pali mpata woti n'kudutsa ngolo.

"Mumavala magalasi," anatero.

"Eya, mayi."

"Ndipo fayilo yanu ikuti munaphunzirapo za chithandizo choyamba."

Zinali zoona. Zaka zisanu ndi zinayi m'mbuyomo anatiphunzitsa masiku awiri kumanga bandeji pa chidole chopanda miyendo.

"Kuyambira lero ndinu Mkulu Woona za Umoyo pa Malo a Ntchito."

Anandikankhira ndi rula zinthu zinayi: chovala chonyezimira ngati cha okonza msewu, kamfuti koyezera kutentha kwa thupi, buku lachikuto cholimba, ndi bolopeni. Za malipiro sanatchule, ndipo ine sindinafunse, poti munthu waudindo safunsa tinthu ting'onoting'ono tsiku loyamba. Ndinafunsa tsiku lachitatu. Anandiuza kuti udindowo ndi waulemu.

Lamulo lake linali lalifupi. Aliyense wotsokomola pantchito alembedwe m'buku, apite kunyumba masabata awiri, malipiro palibe, chifukwa munthu amene ali kunyumba kampani imulipira chiyani? Wolembedwa katatu ndiye kuti thupi lake lakana ntchito, ndipo kampani sikangana ndi thupi la munthu. Ntchito ithere pomwepo.

Tsono muyenera kuidziwa fakitale ya mabulangete. Dzuwa likawala kudzera pa malata oonekera a padenga, mpweya mumauona ndi maso. Fumbi la thonje ndi tizidutswa ta ulusi zimayandama tsiku lonse, kulowa m'mphuno, m'makutu, mu tiyi. Pofika nthawi yoweruka tonse timatuluka ndi imvi. Amene wagwira chaka chimodzi amatsokomola m'mawa. Wa zaka zisanu amatsokomola m'mawa ndi madzulo. Wa zaka makumi awiri amangopuma pang'ono pakati pa chifuwa china ndi chinzake. Kulamula kuti wotsokomola atuluke m'fakitale imeneyo kunali ngati kulamula kuti wonyowa atuluke mumtsinje.

Ndinakawauza Mayi Ndondomeko zimenezi, mwaulemu wa anthu awiri audindo.

"Nanga kamfutika kakasonyeza kuti thupi silikutentha?"

"Ndondomeko ikunena za chifuwa."

"Koma ichi ndi chifuwa cha fumbi, mayi."

"Inu mungasiyanitse?"

"Ndingathe."

"Ndondomeko siingathe. Tsekani chitseko potuluka, ndi chigongono."

Sindinanamepo pamene ndinati ndingathe. Zaka zonsezo ndinkakhala pakona, nditafulatira anthu, maso ali pa singano, ndipo ndinkadziwa aliyense ndi chifuwa chake. Wodula nsalu ankatsokomola katatu n'kumaliza ndi "aaa" ngati wamwa madzi ozizira. Mayi wopinda mabulangete ankatsokomola mopepesa. Wosesa ankachita ngati akuitana galu. Luso limeneli ndinkanyadira nalo, ndipo kufikira chaka chimenecho linali lisanapweteke munthu.

Sabata yoyamba ndinalemba mayina khumi ndi limodzi. Ndinkalemba bwino, zilembo zoongoka, tsiku ndi ola pambali. M'mawa ndinkaima pageti n'kumaloza anthu pamphumi, anthu amene ndinadya nawo m'mbale imodzi zaka zambirimbiri, iwo n'kumati, "Mwadzuka bwanji, a Dokotala?" Ndinkayankha. Zinanditengera mwezi kuti ndizindikire kuti sunali ulemu. Mkazi wanga ndiye anazindikira tsiku loyamba, pamene ndinabwera kunyumba nditavala chonyezimira chija.

"Bambo, msewu uti mukukonza?"

"Ndakwezedwa."

"Chabwino. Muvule musanagwire ana."

China chimene ndinachedwa kuchiona n'chakuti mabulangete sankagulidwa. Mahotela anali atatseka, sukulu zogonera konko zitatseka, mitolo inangodzaza m'nyumba yosungira katundu mpaka kudenga. Kampani inkafuna manja ochepa. Kuchotsa munthu chifukwa ntchito yachepa kuli ndi malamulo ake, makalata, misonkhano, ndi kenakake kom'patsa potsazikana. Kuchotsa munthu chifukwa watsokomola katatu kumangofuna buku ndi chitsiru cha magalasi. Ndipo amene ankatsokomola kwambiri anali akalekale, amene kutsazikana nawo kukanakhala kolemera. Anzanga onse anaona zimenezi msanga. Ine maso anga anali pa chovala.

Mwa akalekalewo munali alamu anga, amuna a mlongo wanga wamng'ono. Anagwira zaka makumi awiri ndi zinayi akuponya thonje m'makina opunthira, pamene fumbi limabadwira. Ndi iwowa amene anandipezera ntchito, n'kundibwereka nsapato zopitira kukaonana ndi mabwana. Chifuwa chawo chinali chotchuka. Chinkayambira pansi pamimba, n'kukwera pang'onopang'ono ngati lole yakale pa chitunda, n'kufika pamwamba ndi chiphokoso choti mbalame za padenga zinkauluka. Akamaliza ankati, "Ndilipo," ngati wina wawaitana.

Ulendo woyamba ndinawalemba ndine. Anatsokomola pamzere wa pageti, Mayi Ndondomeko akutsika m'galimoto chapomwepo. Ndikanatani? Ulendo wachiwiri, atangobwerako masiku asanu, Mayi anawamva okha ali pamasitepe, n'kundiloza ndi bolopeni, kenako n'kuloza iwo. Ndinalemba. Alamu anasuzumira m'bukumo.

"Dzanja lanu ndi lokongola, alamu. Sukulu sinapite pachabe."

Lamlungu lake masana mlongo wanga anabwera kunyumba kwathu. Mpando anaukana, madzi anawakana. Anaima pabwalo, masiki ili pachibwano.

"Achimwene, ana anayi ali pakhomo. Sukulu kulibe, ndiye ntchito yawo ndi kudya basi. Ine malo anga ogulitsira zovala kumsika anatseka. Mwezi wathunthu bambo awo angokhala pakhonde chifukwa cha buku lanulo."

"Si buku langa, achemwali. Ndi la kampani."

"Dzanja ndi la kampani?"

Ndinabisa dzanjalo m'thumba. Iye anapitiriza.

"Kwatsala kamodzi. Kachitatuko kakadzalembedwa ndi dzanja limenelo, mudzapeze mlongo wina."

Anatuluka osatseka geti. Mkazi wanga, amene anamva zonse ali pawindo, anangoti, "Mkulu Woona za Umoyo, madzi osamba apsa."

Nzeru yopulumukira sinachokere kwa ine, ngakhale kuti pambuyo pake ndinkalola anthu kuganiza kuti ndinathandizapo. Inachokera kwa mayi woyendetsa makina opunthira aja, amene tinkamutcha Namondwe. Makinawo ali ndi chopondera. Ukachiponda mpaka pansi amabangula moti munthu sungamve ngakhale maganizo ako. Kale Namondwe ankaponda chotero pokhapokha thonje likakakamira mkati. Alamu atabwerako ulendo wachiwiri, thonje linayamba kukakamira pafupipafupi.

Zinkayenda motere. Munthu chikamukwera pakhosi, ankavula kapusi n'kukanda pamutu. Namondwe akaona makapusi atatu kapena anayi avulidwa, ankaponda. Makina akabangula, onse osunga chifuwa ankathamangira kuseri kwa makinawo, kumene phokoso linali lalikulu ndiponso galasi la Mayi silinkafikako, n'kuwerama ngati akutola thonje logwa, n'kutsitsa masiki, n'kumasuka. Theka la mphindi. Namondwe akachotsa phazi, aliyense anali atabwerera pamalo pake, maso ali ofiira, nkhope ili yosalakwa.

Anthu anaphunzira kusunga chifuwa monga mmene munthu amasungira mkodzo pa basi. Unkaona bambo wamkulu misozi ili chuchuchu, mitsempha ya pakhosi itatupa, akukanda pamutu ngati ali ndi nsabwe.

"Namondwe, tiphulika kuno!"

"Dikirani anzanu, magetsi ndi odula."

"Ndasunga kuyambira naini koloko, mayi iwe."

"Ndiye chakhwima. Chituluka bwino."

Pageti napo anapeza njira. Kunja kwa mpanda kuli mpopi, ndipo aliyense ankayamba wasamba kumaso ndi madzi ozizira asanafike kwa ine. Kamfuti kanga kankapeza anthu ozizira ngati achule. Alamu okha sindinkawayeza n'komwe. Ndinkangokweza dzanja, maso kumbali, n'kunena kuti, "Pitani." Munthu amene anakubwereka nsapato sumuloza mfuti pamphumi kawiri.

Ine ndinali Mkulu, ndiye sindinkamva kanthu. Makina akabangula ndinkapeza chochita ndi zingwe za nsapato. Masabata asanu buku linakhala loyera. Mayi Ndondomeko anandiitana n'kundiuza, ali kutali komwe kuja, kuti ndathetsa chifuwa m'fakitale, chinthu chimene madokotala enieni chinawakanika. Ndinathokoza. Ndinawauzanso kuti chinsinsi ndi kulimbikira.

Palibe mmodzi wa ife, ngakhale ine wa magalasi, amene anaima n'kuganiza zimene tinkachita. Kunja wailesi inkalalikira tsiku lonse kuti talikiranani, valani masiki, wotsokomola apatuke. Ife, kasanu ndi kawiri patsiku, tinkasonkhanitsa otsokomola onse pakona imodzi yopanda windo, phewa ndi phewa, masiki pachibwano, kuti atsokomolerane kumaso. Tinkaopa buku kuposa matenda. Matenda unkatha kuwazemba. Buku linali ndi maso.

Lachinayi lina, cha m'ma leveni koloko, Namondwe ataponda ndipo anthu asanu ndi atatu atawerama kuseri kuja, magetsi anazima.

Makina aja sasiya pang'onopang'ono. Amangoti zii. Asanu ndi awiri anameza zifuwa zawo pakati, wina mpaka anagwada. Chimodzi chinapitirira.

Poyamba sindinachizindikire, ine amene ndinkadziwa aliyense. Chinali chouma, chachifupi, chobwerezabwereza ngati munthu akukhoma msomali pakhoma la konkire, ndipo pakati pake pankamveka kamluzu ka munthu amene akukoka mpweya koma mpweyawo sukubwera. Ndinatembenuka kuti ndione mlendo ameneyu. Anali alamu, dzanja limodzi litagwira chitsulo cha makina.

Ndinayang'ana m'mwamba. Mayi Ndondomeko anali atafulatira galasi, foni ili kukhutu. Sanamve kalikonse. Jenereta imatenga mphindi ziwiri kuti idzuke, ndipo mphindi ziwiri zimenezo fakitale yonse inali kuyang'ana ine.

Ndinapita. Ndinakweza kamfuti.

"Chotsani choseweretsa chanucho," anatero alamu.

Kanalira, manambala n'kufiira. Ndinali ndisanakaonepo kakufiira. Ndinayesanso, kanafiiranso.

"Alamu, masiku angati?"

"Ndi fumbi."

"Fumbi lanu ndimalidziwa. Masiku angati?"

"Anayi. Kapena asanu. Mwayamba liti kuwerengera anthu masiku?"

"Chakudya mukuchimva kukoma?"

"Mlongo wanu saphika bwino chiyambire."

Wina anaseka, n'kusiya msanga. Namondwe anatsika pa makina n'kubwera pafupi nane, kuyankhula motsitsa.

"A Dokotala, simunamve kanthu. Magetsi abwera pompano."

"Iwe umaima nawo pafupi tsiku lonse," ndinatero.

"Ndiye ndi nkhani yanga."

"Si yako wekha," anatero mayi wopinda mabulangete, amene anali atabwerera kale m'mbuyo masitepe atatu. "Ine kwathu ndimagona chipinda chimodzi ndi mayi anga a shuga."

"Ndiye apite kunyumba mwakachetechete," anatero wodula nsalu. "Osalemba."

"Masiku atatu osaoneka popanda chilolezo, ntchito yatha," anayankha Namondwe. "Mwaiwala?"

"Abweretse kalata yakuchipatala."

"Kalata yonena kuti chiyani? Kuti wathyoka mwendo?"

Jenereta inadzuka. Magetsi anayaka. Palibe amene anabwerera pamalo pake. Alamu anakhala pa mtolo wa thonje, n'kundiyang'ana, osati mokwiya, koma ngati munthu amene akuonerera mbuzi ikuwoloka msewu wa magalimoto.

Pamenepo m'pamene ndinalakwitsa monga amalakwitsira anthu audindo. Ndinakhulupirira kuti pamwamba pali nzeru. Ndinaganiza kuti lamulo lija analipangira chifuwa cha fumbi, kuti achotse anthu mwachinyengo, koma munthu wodwaladi matenda amene dziko lonse likuwaopa, ameneyo ayenera kukhala ndi khomo lake. Tchuthi cha odwala. Galimoto ya kampani. Kenakake. Ndinakwera masitepe, buku lili kukhwapa, n'kugogoda ndi chigongono.

"Mayi, ndili ndi funso la ndondomeko."

Nkhope yawo, mbali imene inkaoneka, inasangalala.

"Tiyerekeze munthu wadwaladi. Osati fumbi. Thupi latentha, mpweya ukuvuta."

"Ndani?"

"Tikungoyerekeza."

"Akutsokomola?"

"Eya."

"Alembedwe."

"Nanga ngati analembedwa kale kawiri?"

"Ndiye mukudziwa kale yankho. Ndi alamu anu?"

Sindinawauze kuti eya. Sindinawauzenso kuti ayi, ndipo pa ofesi zimenezo ndi chimodzimodzi.

"Mayi, kawiri koyambako kanali fumbi. Fumbi la kampani ino. Zaka makumi awiri ndi zinayi akulimeza kuti inu mukhale ndi galasi limenelo. Kamodzi kokha aka ndi kamene akudwaladi, ndiye mukufuna muwachotse chifukwa kamodzi kokha anena zoona?"

"Ndinakuuzani tsiku loyamba kuti ndondomeko siisiyanitsa."

"Ndondomeko yanuyo yatsala pang'ono kupha anthu! Mukudziwa zimene zakhala zikuchitika pansipo? Masabata asanu m'fakitale ya thonje popanda wotsokomola, inu munakhulupirira? Mwana wa sitandade wani sangakhulupirire! Anthu akhala akubisala kuseri kwa makina ngati mbava, kuba mpweya wawo womwe, kutsokomolerana m'kamwa chifukwa choopa bolopeni. Mukanangonena kuti wodwala akhale kunyumba, ntchito yake im'dikira, bamboyu akanagona Lolemba. Wabwera masiku anayi thupi likuyaka moto chifukwa cha inu!"

Ndinali ndisanakwezepo mawu pa ofesi imeneyo. Magalasi anga anachita nthunzi chifukwa cha masiki, moti mbali yotsiriza ndinaikalipira kabati ya mafayilo.

Mayi anadikira mpaka nditapukuta magalasi.

"Makina aja ndimawamva," anatero. "Kale ankabangula kawiri pa sabata. Panopa kasanu ndi kawiri patsiku. Mumayesa galasi ili ndi khoma?"

"Ndiye munkadziwa."

"Ine ndimadziwa zimene zili m'buku. Buku likuti masabata asanu palibe watsokomola. Pansi pa tsamba lililonse pali siginecha. Ndi yanga?"

Sinali yawo. Inali yokongola, yopendekera kumanja, yokhala ndi kamchira kamene ndinakaphunzira nditangokwezedwa.

"Ngati mukundiuza kuti bukuli ndi labodza, nenani bwinobwino, ndilembe, ndipo mutuluke limodzi ndi alamu anuwo komanso mayi wa makina uja. Ngati bukuli ndi loona, ndiye kuti lero munthu mmodzi watsokomola, ndipo inu mwagwira ntchito yanu. Sankhani. Ndili ndi msonkhano pa foni."

Ndimafuna nditakuuzani kuti ndinavula chonyezimira chija n'kuchiponya pa desiki. Ndachivula kambirimbiri m'maganizo, ndipo nthawi zina ndimawonjezera mawu amphamvu. Zimene zinachitika n'zakuti ndinaganiza za ana anga atatu, za mayi wopinda mabulangete ndi mayi ake a shuga, za Namondwe, ndipo zonsezi zinandipatsa zifukwa zabwino kwambiri zochitira chinthu chimene ndinkachita chifukwa cha mantha. Ndinatsamiritsa buku pakhoma n'kulemba. Tsiku, ola, dzina. Dzanja silinanjenjemere n'komwe, ndipo chimenecho sindinalikhululukire mpaka lero.

Galimoto ya kampani sinapezeke. Alamu anapita kuchipatala pa njinga yamoto, atagwira woyendetsa m'chiuno.

Anawapeza nawo matendawo. Pa masiku khumi otsatira anawapezanso mwa anthu ena asanu ndi anayi, onse a kuseri kwa makina. Namondwe anagonekedwa masabata atatu ali ndi chipaipi m'mphuno. Wosesa uja, wotsokomola ngati akuitana galu, sanabwerere, ndipo kumaliro kwake analola anthu ochepa moti ife tinangomva. Fakitale anaitseka masiku awiri, anabwera anthu ovala ngati opita kumwezi n'kupopera mankhwala pa fumbi, n'kutsegulanso. Odwala onse analembedwa m'buku, aliyense pa mzere wake. Kwa anayi, kuphatikizapo alamu, unali ulendo wachitatu. Pa bolodi la zidziwitso anamatapo pepala loyamikira Mkulu Woona za Umoyo chifukwa cha tcheru chake.

Mesenjala anali atachotsedwa kale mwezi wachiwiri wa mliri, ndiye makalata anayi aja anapatsa ine kuti ndikapereke. Atatu ndinapereka Lachisanu. Yachinayi ndinayenda nayo m'thumba mpaka Loweruka masana.

Alamu anali atatuluka m'chipatala, chifukwa bedi linkafunidwa ndi wina woipirapo. Mlongo wanga anawakonzera kachipinda ka kuseri, kosungiramo makasu ndi njinga yakufa, kokhala ndi kawindo kamodzi ka mawaya. Ndinam'peza akuchapa pabwalo. Ana atandiona anayamba kuthamangira kwa ine, iye anangoti "Eh!" ndipo onse anaima ngati agunda chingwe.

"Achemwali."

Anapitiriza kuchapa.

"Ndabwera ndi kalata."

"Ya ndani?"

"Ya alamu."

"Ine ndine alamu?"

Ndinazungulira nyumba. Iye anabwera pambuyo panga, manja akudontha thovu. Pa kawindo paja ndinaona nkhope imene inali itachepa moti makutu ankaoneka ngati obwereka.

"A Dokotala," anatero alamu. Mawu anali theka la mawu awo. "Mwabwera kudzayeza?"

"Muli bwanji, alamu?"

"Ndikupuma. Ndi ntchito yokhayo imene ndatsala nayo, ndiye ndikuigwira mosamala."

Ndinayesa kulowetsa envelopu pa mawaya. Mlongo wanga anandigwira mkono.

"Ayi. Maso awo sakuona bwino. Werengani."

"Achemwali, ndi kalata ya munthu mwini."

"Werengani mokweza. Polemba dzina simunachite manyazi."

Ndinang'amba envelopu. Ndinawerenga ndili chiimire padzuwa, nkhuku zikundizungulira miyendo. Kalatayo inati kampani ikuthokoza chifukwa cha zaka makumi awiri ndi zinayi za kudzipereka. Inati motsatira ndondomeko ya umoyo, ndipo pofuna kuteteza antchito onse amene kampani imawaona ngati banja limodzi, ntchito yawo yatha kuyambira tsiku limene analembedwa. Inawafunira kuchira msanga. Pomaliza inapempha kuti ovololo, nsapato za jombo ndi kapusi, zomwe ndi katundu wa kampani, zibwezedwe pasanathe masiku asanu ndi awiri.

"Bwerezani pa banja paja," anatero alamu.

Ndinabwereza.

Anayamba kuseka, kusekako n'kusanduka kutsokomola, ndipo tinadikira nthawi yaitali, ine ndi mlongo wanga, aliyense akuyang'ana kwake. Atamaliza anapukuta pakamwa.

"Alamu, ndikufunseni. Mukanapanda kukwera masitepe aja?"

"Mukanafera pa makina."

"Mwina. Ndikanafa ndili pantchito. Mkazi wangayu akanalandira kenakake, ndi bokosi la kampani." Anapuma kawiri. "Mwandipulumutsa motchipa, alamu. Kampani ikuthokozeni."

"Ndinayesa kuwauza. Ndinakalipa. Funsani aliyense, mawu anga anamveka mpaka pansi."

"Anandiuza. Akuti munakalipa bwino kwambiri." Anatsamira khoma. "Kenako munalemba."

Mlongo wanga anali atalowa m'nyumba. Anatuluka ndi jumbo, n'kuima pakhomo pa kachipinda kaja, alamu n'kumupatsira zinthu chimodzichimodzi pa mpata wa chitseko. Ovololo inali yomwe anavala tsiku lija, fumbi la thonje likadali m'mapindo. Jombo imodzi inali yong'ambika pachala. Anamanga jumboyo n'kuiponya pamapazi anga.

"Ndichape kaye?" anafunsa, osayang'ana ine.

"Usachape," anatero alamu. "Sopo ndi wathu."

Ndinatola jumbo ija. Ndinaima pang'ono, kudikira ngati wina anganene kuti ndikhale pansi, kapena kuti ndipereke moni kunyumba. Mlongo wanga anabwerera pa beseni lake. Wamng'ono pa ana aja, amene sankadziwa za mabuku, anandibayibitsa ndi dzanja, mayi ake n'kumutsitsa dzanjalo.

"Achimwene," anatero ndili pageti.

Ndinatembenuka msanga, mwina msanga kwambiri.

"Kapusi isowa mmenemo. Inatayika kuchipatala. Muwauze adule pa malipiro anu."